Mapanga awiri avumbwitsa: kupembedza Mulungu ndi mtima wonse kuno ku Glasgow

 Tikudziwa kuti ena mwabwera mutangoweruka shifiti ya usiku, tulo tili m'maso, ndipo ena mukatuluka muno muthamangira basi kuti mukayambe ntchito. Zikomo kwambiri chifukwa chobwera. Ife amene tikulankhula pano si abusa ayi, ndife anzanu ongodzipereka kuthandiza anthu ogwira ntchito kuno. Pa ntchito yathuyi timamva mavuto ambiri, a mapepala, a ngongole, a mabanja. Ena mwa mavutowa amachokera kwa mabwana oipa ndi malamulo ovuta, ndipo amenewo timalimbana nawo limodzi. Koma ena amayambira mumtima, pa funso lakuti munthu akugwadira chiyani. N'chifukwa chake lero tikambirana za kupembedza Mulungu ndi mtima wonse, ndi za mafano a masiku ano.

Pemphero lodulidwa

Tiyambire pa chinthu chimene timachiona kawirikawiri. Pa nyumba zakale za mzinda uno ndi m'malo ena ambiri pali chizindikiro cha Glasgow: mtengo, mbalame, belu ndi nsomba. Pansi pake pali mawu atatu a Chingerezi ofunira Glasgow kutukuka. Mawu amenewa poyamba anali aatali. Pa belu la tchalitchi cha Tron, lomwe linasulidwa m'zaka za m'ma 1600, panalembedwa pemphero lathunthu, lopempha Ambuye kuti Glasgow itukuke mwa kulalikidwa kwa mawu ake ndi kutamandidwa kwa dzina lake. Pofika mu 1866, pamene chizindikirochi chinavomerezedwa mwalamulo, pemphero lija linali litafupika. Dzina la Ambuye kumayambiriro kunalibe, za kulalika ndi kutamanda kumapeto kunalibe. Kunatsala kutukuka kokha basi.

Sitikunena izi pofuna kunyoza eni mudzi. Tikunena chifukwa zimene zinachitikira mawu a mzindawu zimachitikanso mosavuta m'moyo wa munthu wobwera. Kumbukirani tsiku lonyamuka ku Lilongwe kapena ku Chileka. Abale anasonkhana, akulu a mpingo anapemphera, pemphero lake lalitali ndithu: Mulungu amutsogolere mwana wathuyu, amuteteze, akamutumikire kumene akupitako, amudalitse kuti akumbukire abale. Pakapita zaka ziwiri zitatu kuno, pemphero lija limayamba kufupika. Za kutumikira zimagwa, za kuthokoza zimagwa, limatsala liwu limodzi lakuti ndidalitseni. Kenaka ngakhale wodalitsa uja amaiwalika, n'kutsala madalitso okha. Zikafika pamenepo ndiye kuti fano lalowa m'nyumba.

N'kosavuta kuloza chala anzathu a kuno. Ambiri mwa ife tinakulira mu CCAP, mpingo umene mizu yake ina ili konkuno ku Scotland. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo chiboliboli cha David Livingstone chili apo pafupi ndi Glasgow Cathedral. Ndiye munthu amadabwa akafika n'kupeza matchalitchi ali pululu. Kalembera wa 2022 anaonetsa kuti anthu 51 pa 100 aliwonse m'Scotland anati alibe chipembedzo, pomwe mu 2011 anali 37 pa 100. Tchalitchi chakale cha Kelvinside, pamphambano ya Byres Road ndi Great Western Road, lero ndi Òran Mór, malo odyera, omwera ndi oonera zisudzo. Koma mbiri ya mzinda uno ikutiphunzitsa kuti fano silidikira kuti tchalitchi chitsekedwe.

M'zaka za m'ma 1700 anthu a muno ankapemphera kwambiri, ndipo pakati pa opempherawo panali amalonda a fodya olemera koopsa. Mayina awo tikuyenda nawo mpaka lero: Buchanan Street, Glassford Street, Ingram Street. Nyumba imene muli Gallery of Modern Art, ija kutsogolo kwake kuli chiboliboli chimene anthu amachiveka chipewa cha pulasitiki cha pamsewu, inayamba ngati nyumba yogona ya William Cunninghame, mmodzi wa amalondawa. Ena a iwo ankapemphera ku St Andrew's in the Square, tchalitchi chokongola chomangidwa pakati pa 1739 ndi 1756. Koma fodya amene anawalemeretsa ankalimidwa ku Virginia ndi ku Maryland ndi akapolo ochokera ku Africa. Ife Amalawi fodya timamudziwa, thukuta lake timalidziwa. Lamulungu anthuwa ankaimba masalimo, Lolemba ankawerengera phindu lochokera pamsana pa anthu anzawo. Mu 2018 University of Glasgow inavomereza poyera kuti nayonso inapindula ndi chuma cha ukapolo. Choncho kupezeka m'tchalitchi pakokha sikuyankha funso lathu. Funso ndi lakuti, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka akulamula mtima ndani?

Fano limasulidwa ndi golide wabwino

Tikamva liwu lakuti fano, maganizo amathamangira ku chidole chosema kapena chithumwa cha m'chiuno, ndipo timati ife zimenezo ayi. Koma tiyeni tione bwino nkhani ya mwana wa ng'ombe wa golide pa Eksodo 32. Golide uja anachokera kuti? Pa mutu 12 tikumva kuti Aisraeli potuluka anapatsidwa siliva ndi golide ndi eni dziko la Ejipito. Anali ngati malipiro a zaka zambiri za ukapolo, mphatso imene Mulungu mwini anawakonzera. Ndolo zomwezo ndi zimene anavula n'kupereka kwa Aroni. Fano linasulidwa ndi chinthu chabwino.

Pali zinanso ziwiri zoti tizione. Choyamba, fanolo linapangidwa pa nthawi yodikira. Mose anali atakhala kuphiri masiku 40, anthu osadziwa kuti abwera liti, mantha n'kuwagwira, n'kuyamba kufuna mulungu woti amuone ndi maso. Chachiwiri, Aroni sanauze anthu kuti asiye Yehova. Anamanga guwa patsogolo pa fanolo n'kulengeza chikondwerero m'dzina la Yehova yemweyo. Anaphatikiza ziwirizo. Umo ndi mmene mafano a Mkhristu amakhalira mpaka lero: chinthu chabwino, chogwiridwa ndi mantha, chovekedwa dzina la Mulungu.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti chinthu chasanduka fano? Aone nsembe zimene akupereka. Fano lililonse limafuna nsembe. Chinthu chimene mukuchiperekera thanzi lanu, ana anu, banja lanu ndi choonadi, osafunsa n'komwe, chimenecho ndiye mulungu wanu. Tiyeni titchule anayi amene timakumana nawo kawirikawiri pakati pathu.

Mapepala

Tisamvane molakwa. Viza ndi yofunika, ndipo tikulimbikitsa aliyense kuti mapepala ake akhale olongosoka. Tikudziwanso kuti malamulo akhala akusintha mowawa. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 obwera kumene pa viza yosamalira okalamba ndi odwala saloledwa kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana. Pa 22 Julaye 2025 boma linatseka njira yolemba anthu a ntchito imeneyi kuchokera kunja. Chaka chomwecho linalengeza ganizo lotalikitsa nthawi yodikira chilolezo chokhazikika kuchoka pa zaka 5 kufika pa zaka 10. Mose wachedwa kuphiri, eti? Ndipo nthawi yotere ndi imene a Aroni amachuluka. Uyu akuti bweretsani ndalama tikupezereni sponsa, uyo akuti tikukonzereni ukwati wa papepala, wina akuti gwirani ntchito m'dzina la mnzanu.

Pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 boma la UK linalanda ziphaso zoposa 470 kwa makampani a ntchito yosamalira anthu amene ankalemba antchito ochokera kunja, ndipo antchito zikwizikwi anatsala manja ali m'khosi, ena atakongola ndalama zambiri kwawo kuti alipire ma ajenti. Abale, lamulo la kuno sililola ajenti kukulipiritsani chifukwa chokupezerani ntchito, ndipo bwana alibe ufulu wokulandani pasipoti. Malangizo a za viza muziwatenga kwa loya kapena kwa mlangizi wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, osati kwa munthu wa pa WhatsApp. Safunsa anadya phula.

Koma nsembe yaikulu imene fano ili limafuna ndi kukhala chete. Munthu aona gogo akuzunzidwa kunyumba yosamalira okalamba, kapena auzidwa kuti alembe m'buku zinthu zimene sizinachitike, n'kumeza mawu poopa sponsa. Mantha amenewo timawamvetsa, si opanda pake. Komabe gogo ujanso ndi wa Mulungu. Kuno ku Scotland kuli Care Inspectorate yolandira madandaulo otere, kulinso mabungwe a antchito monga UNISON ndi GMB. Musasenze nokha, bwerani tikambirane njira yoyenera, poti mutu umodzi susenza denga. Amene amasunga moyo wanu si Home Office ayi.

Shifiti pamwamba pa shifiti

Ntchito ndi mphatso, ndipo kugwira ntchito Lamulungu m'chipatala kapena kunyumba ya okalamba si tchimo. Odwala amafunika kusambitsidwa ndi kudyetsedwa tsiku lililonse, ndipo Ambuye Yesu anachiritsa anthu pa Sabata. Vuto limabwera pamene liwu lakuti "zakwana" latha m'kamwa. Foni ikalira kuti pali shifiti ina, yankho limakhala eya basi, ngakhale thupi likukana. Ana amadzuka mayi atapita, amagona bambo asanabwere. Mwamuna ndi mkazi amangopatsirana makiyi pakhomo. Kenaka timamva kuti uje wagwa kuntchito, uje magazi akuthamanga, uje banja latha.

Pa Eksodo 16 Mulungu anapatsa anthu mana okwanira tsiku limodzi. Amene anatola ambiri n'kusunga anapeza mmawa atachita mphutsi ndi kununkha. Ndipo pa Deuteronomo 5 chifukwa chimene chikuperekedwa chopumulira pa Sabata ndi chakuti anthuwo anali akapolo ku Ejipito ndipo Mulungu anawatulutsa. Kapolo sapuma. Munthu akapuma akuchitira umboni kuti ali ndi Mwini amene amamudyetsa ngakhale manja ake ataima.

Ngakhale lamulo la dziko lino likuvomereza zimenezi. Malamulo a nthawi yogwira ntchito a 1998 amanena kuti munthu asapitirire maola 48 pa sabata tikawerengera pakatikati, pokhapokha atasayina yekha kuti akufuna, ndipo amene anasayina ali ndi ufulu wobweza mawu ake. Kawirikawiri pamayenera kukhala maola 11 opuma pakati pa tsiku la ntchito ndi linzake, tsiku limodzi lathunthu lopuma pa sabata, ndi tchuthi cholipidwa cha masabata 5.6 pa chaka. Inu ophunzira, malire a maola olembedwa pa viza yanu muziwasunga, chifukwa ambiri ataya maphunziro pothamangitsa mapaundi ochepa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Dzina kumudzi

Ili ndi lovuta kulitchula chifukwa limavala zovala za chikondi. Kuthandiza makolo ndi lamulo la Mulungu, ndipo palibe amene akufuna kutchedwa mtchona. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moyo kumudzi wawawa kwambiri, ndipo foni zopempha fizi, feteleza ndi mankhwala zachuluka. Tizithandiza ndithu.

Koma tiyeni tifunsane moona mtima. Ndalama imene ikutumizidwa ndi ya chikondi yonse, kapena ina ndi yogulira dzina? Pali ena akumanga nyumba ya zipinda zambirimbiri kumudzi, yoti mwina sadzagonamo, pomwe kuno ana awo akugona m'chipinda cha nkhungu, hita osayatsa. Pali ena amakongola kuti akaoneke bwino pa Khirisimasi, n'kubwera kudzalira ndi ngongole chaka chonse. Zithunzi za pa Facebook zikuonetsa munthu ali pa George Square atatchena, koma zoti wagona ndi tiyi palibe akudziwa. Choopsa kwambiri ndi chakuti munthu akhoza kusanduka fano la abale ake. Iwo amayamba kuyang'ana kwa iye m'malo moyang'ana kwa Mulungu ndi ku manja awo, iyenso n'kumakomedwa. Munthu sanalengedwe kuti asenze ulemu wotere, umathyola msana.

Mankhwala ake ndi choonadi. Auzeni abale mtengo wa lendi, wa magetsi ndi wa basi. Gwirizanani m'banja kuti pa mwezi mutumiza zingati, ndipo mwamuna ndi mkazi onse adziwe, pasakhale zotumiza mobisa. Kunena kuti mwezi uno sindikwanitsa si uchimo.

Njira zachidule

Munthu akatopa ndi kudikira amafuna chozizwitsa chogula. Kwa ena ndi juga. Malo obetcherana ali pafupifupi m'misewu yonse ikuluikulu, ndipo masiku ano juga ili m'thumba, pa foni. Amayamba ndi mapaundi awiri pa masewera a Celtic kapena Rangers, mapeto ake ndalama ya lendi yapita. Boma lenileni linaona kuopsa kwake: mu Epulo 2019 linatsitsa ndalama yobetcha nthawi imodzi pa makina a m'malo obetcherana kuchoka pa £100 kufika pa £2, ndipo mu Epulo 2020 kubetcha ndi khadi la ngongole kunaletsedwa. Ngati inu kapena wa m'nyumba mwanu wagwidwa, pali GamStop, njira yaulere yodzitsekera nokha ku makampani a juga a pa intaneti. Za ngongole pitani ku Citizens Advice Bureau kapena ku StepChange, amathandiza ulere. Katapira ndi woletsedwa kuno, ngakhale wokongozayo akhale Mmalawi mnzanu wa mpingo umodzi.

Kwa ena njira yachidule imabwera itanyamula Baibulo. Tumizani mbewu ya mapaundi akutiakuti kuti viza ituluke, gulani mafuta awa, madzi awa, kansalu aka. Apa tiyeni tikumbukire njoka ya mkuwa imene Mose anapanga m'chipululu. Inali yochokera kwa Mulungu ndipo anthu anachira poyang'ana. Koma patapita zaka mazana, Aisraeli anayamba kuifukizira lubani, ndipo pa 2 Mafumu 18 mfumu Hezekiya anaiphwanya. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petulo anamudzudzula kolimba. Kupereka ku mpingo n'kwabwino, kulemekeza atumiki a Mulungu n'kwabwino. Koma aliyense amene akuika mtengo pa yankho la pemphero akukugulitsani mwana wa ng'ombe. Ndipo chonde, wina asakuuzeni kuti musiye mankhwala a shuga, a magazi kapena ma ARV chifukwa mwapemphereredwa. Pempherani, mankhwala muzimwa, kwa dokotala muzipita.

Mtima wonse

Pa Mateyu 6 Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti munthu sangathe kukhala wantchito wa mabwana awiri, ndipo bwana wachiwiri amene anamutchula ndi chuma. Makolo athu ankadziwanso zomwezi, paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Wothawa mvula akamathamangira uku ndi uku, amanyowa ali pakati. Ambiri pakati pathu ndi otopa chifukwa cha zimenezi: mwendo wina kwa Mulungu, wina kwa mantha.

Kupembedza ndi mtima wonse sikutanthauza kukhala m'tchalitchi usiku uliwonse ana ali okha kunyumba. Ngakhale udindo wa mu mpingo ukhoza kusanduka fano. Kukutanthauza kuti munthu wa Lamulungu ndi munthu wa Lachitatu akhale mmodzi yemweyo. Mukamasambitsa gogo amene sakukumbukirani dzina, n'kumugwira mwaulemu ngakhale palibe akuona, mukupembedza. Mukalemba maola enieni pa pepala la ntchito, mukupembedza. Mukakana shifiti kuti mudye nsima ndi ana anu n'kupemphera nawo, mukupembedza.

Tikupemphani zinthu zochepa zoti muyese mwezi uno. Khalani pansi ndi sitetimenti ya ku banki ndi ndandanda wa mashifiti, muone kumene ndalama ndi nthawi zikupita, chifukwa mapepala awiri amenewa sanama. Sankhani tsiku lopuma pa sabata, kaya ndi Lachiwiri kaya Loweruka, mulisunge. Mmawa musanatsegule foni, yambani mwalankhula ndi Mulungu, ngakhale kwa mphindi zisanu m'basi. Pezani munthu mmodzi wokhulupirika amene mungamuuze zoona za ngongole zanu ndi mantha anu. Ndipo yang'anani amene wasowa pakati pathu, mumuimbire, makamaka m'miyezi yozizira pamene dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko ndipo anthu amadzitsekera m'nyumba.

Pomaliza, tikumbutsane kalata imene mneneri Yeremiya analembera anthu a Mulungu amene anali kudziko lachilendo ku Babulo, pa mutu 29. Sanawauze kuti akhale m'mantha kapena kuti adane ndi eni dziko. Anawauza kuti amange nyumba, alime minda, alere ana, ndiponso kuti aufunire zabwino mzinda umene akukhalamo n'kumaupempherera. Choncho kutukuka si koipa. Tikufuna nonse mapepala anu atuluke, ana anu aphunzire, nyumba za kumudzi zithe. Chimene tikupempha ndi chakuti pemphero lisadulidwe pakati. Amishoni anachoka kuno kukatiphunzitsa pemphero lathunthu, ndipo lero Mulungu watiika m'nyumba za okalamba ndi m'zipatala za dziko lawo lomwelo. Tilipemphere lonse, ndi chiyambi chake ndi mapeto ake.

Amene muli ndi vuto la kuntchito, la ngongole kapena la m'banja, musachoke musanationepo. Zimene mutiuze zikhala pakati pa inu ndi ife. Mulungu akudalitseni nonse, ndipo amene mukupita ku shifiti muyende bwino.